Baja 25 Outlaw logula kwa munthu: mtengo woyenera umapezeka bwanji?

Pa maboti aliwiro ogwiritsidwapo kale ntchito omwe adzaza msika wa ku America, Baja 25 Outlaw ndi limodzi mwa omwe anthu amayambira. Ndi lalitali mafiti 25, pafupifupi mamita 7.6, limalemera kupitirira matani 2 lisanathiridwe mafuta, ndipo lili ndi injini imodzi ya petulo yokhala mkati. Pansi pake ndi posongoka kwambiri, madigiri 24 kumbuyo, ndiye limadula mafunde bwino kuposa maboti ambiri a msinkhu wake. Maboti a Baja ankapangidwa ku Bucyrus m'boma la Ohio mpaka 2008, pomwe kampani ya Brunswick inagulitsa dzinali kwa a Fountain ndipo ntchito inasamukira ku Washington m'boma la North Carolina. Ambiri omwe akugulitsidwa lero ndi a ku Bucyrus, kutanthauza kuti adutsa zaka 15, ena zaka 25.

Tinene poyera maganizo athu: ndi boti labwino, losavuta kuyendetsa, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Limakhululukira woyendetsa watsopano chifukwa pansi pake palibe masitepe aja opezeka pa maboti ena aliwiro, omwe amatha kuzunguza boti munthu akakhota molakwika. Chipinda chakutsogolo ndi chaching'ono, chogonamo awiri mopanikizana, ndipo mafuta limamwa mosanyengerera. Chovuta chenicheni ndi mtengo. Maboti awiri a chaka chimodzi, owala mofanana pa chithunzi, amatha kusiyana ndi theka pa ndalama zomwe akuyenera, ndipo kusiyanako kuli m'malo atatu omwe chithunzi sichionetsa: mu injini, mu drive (chigawo chakumbuyo chonyamula magiya ndi pulopela), ndi m'matabwa okwiriridwa mu fiberglass, pulasitiki yolimba yomwe amaumbira thupi la boti.

Yambani ndi kudziwa boti lomwe mukuyang'analo. Kumbuyo, mbali yakumanja chakumtunda, kuli nambala ya HIN ya zilembo ndi manambala 12. Manambala 2 omalizira ndi chaka cha boti. Nambalayi ifanane ndi ya pa mapepala, ndipo malo ake asaoneke ngati anapalidwa kapena kumatidwa. Kenako injini. Boti ili linatuluka ndi mainjini a MerCruiser osiyanasiyana: 7.4 MPI ya mahatchi 310, 454 Mag ya 385, 502 Mag ya 415, ndipo kuyambira cha m'ma 2001, 496 Mag ya 375 ndi 496 Mag HO ya 425. Yomwe ogula amaifuna kwambiri ndi 496 HO, ndiye ena amangomata chizindikiro cha HO pa injini wamba. Lembani nambala ya injini, muipereke kwa wogulitsa zipangizo za Mercury, kampani yopanga mainjini a MerCruiser, akuuzani kuti ndi iti.

Mtengo woyambira musautenge pa zotsatsa. Zomwe mukuona pa Boat Trader, YachtWorld kapena Facebook Marketplace ndi ndalama zomwe mwini akulakalaka, ndipo boti lomwe lakhala pamenepo miyezi 8 likukuuzani lokha kuti msika walikana. Mabuku a mitengo a J.D. Power, omwe kale ankatchedwa NADA, ndi a BUC amathandiza pang'ono, makamaka chifukwa mabanki ndi a inshulansi amawayang'ana, koma pa maboti aliwiro amaphonya kawirikawiri, popeza sadziwa ngati injini ili moyo kapena ili m'manda. Chomwe mukufuna ndi mitengo yomwe maboti ofanana anagulitsidwadi m'miyezi 12 yapitayi. Ma broker, omwe amagulitsa maboti m'malo mwa eni ake, ndi ofufuza maboti, omwe amayendera boti n'kulemba lipoti, amatha kulowa pa webusaiti ya Soldboats, pomwe pali mitengo yotereyi. Pemphani maboti osachepera 3, a injini yomweyo, osatalikirana zaka zoposa 2, ndipo mudziwe ngati anagulitsidwa ndi tirela. Kumbukiraninso kuti broker amatenga 10 peresenti nthawi zambiri, ndiye mwini wogulitsa yekha ali ndi malo otsikira. Nyengo nayo imasuntha mtengo: kumpoto kwa America, kuyambira Seputembala mpaka Novembala anthu amafuna kuchotsa boti asanalipire malo olisungira m'nyengo yozizira.

Tsopano injini, pomwe pali ndalama zambiri. Musakhulupirire wotchi ya maola ya pa dashibodi. Imasinthidwa ndi masikuluwu awiri, ndipo ina imawerenga ngakhale kiyi wangotsegulidwa kuti wailesi iyimbe. Injini ya 496 ili ndi kompyuta yotchedwa PCM 555, ndipo makaniko akalumikiza laputopu yokhala ndi pulogalamu ya Diacom amaona maola enieni, ogawidwa malinga ndi liwiro lomwe injini inkazungulira, pamodzi ndi zolakwika zomwe inasunga monga kutentha mopyola kapena kutsika kwa oyilo. Magawidwe amenewo ndi ofunika kuposa chiwerengero chonse. Injini ya maola 600 yomwe yakhala nthawi yambiri pansi pa 3,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) ndi yaphindu kuposa ya maola 350 yomwe maola 60 inawathera pamwamba pa 4,500. Ambiri amawerengera maola 50 pa chaka ngati kagwiritsidwe wamba. Boti la zaka 20 la maola 120 okha lisakusangalatseni msanga: kukhala chikhalire kumaumitsa masilu, kumabweretsa dzimbiri m'masilinda, ndipo petulo amasanduka phula m'thanki.

Kompuresheni iyezedwe injini ili yotentha, mapulagi onse 8 atachotsedwa. Chomwe mukuyang'ana ndi kufanana: silinda yotsikitsitsa isasiyane ndi yokwerayo koposa 10 mpaka 15 peresenti. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, ganizirani gasiketi ya mutu wa injini. Mayeso a leak-down, opopera mpweya mu silinda n'kuona wotuluka, amanena zambiri: pansi pa 10 peresenti ndi bwino, kupitirira 20 ndi vuto, ndipo khutu limakuuzani komwe kuli vutolo. Mpweya ukamveka ku ekizozi ndi valavu, ukamveka pothirira oyilo ndi maring'i. Mapulagiwo musawataye pambali, ayaleni motsatana. Pulagi ya dzimbiri kapena yoyera ngati yatsukidwa ikusonyeza kuti madzi akulowa mu silinda imeneyo, ndipo pa maboti otulutsa utsi kudzera kukhoma lakumbuyo madzi amatha kubwerera mu ekizozi mpaka kumavalavu.

Injini ya 496 ili ndi mwayi umodzi waukulu: mkati mwake mumazungulira madzi akeake a antifreeze, ndiye madzi a m'nyanja samafika m'buloko. Mainjini ambiri a 454 ndi 502 amamwa madzi a m'nyanja mwachindunji, ndipo ngati boti lakhala ku madzi amchere monga ku Florida, buloko ndi mamanifodi, zitsulo zotulutsira utsi mu injini, zimadyeka mkati mosaoneka. Boti la ku nyanja za madzi abwino, monga Lake of the Ozarks kapena Lake Michigan, liyenera kukwera mtengo kuposa lofanana nalo la ku mchere, ndipo ife kusiyanako timakuvomereza. Koma 496 nayo ili ndi matenda ake. Chipangizo cha mafuta cha Cool Fuel 3 chimadziwika ndi penti yomatuka mkati, yomwe imakatseka mainjekita, injini n'kumalandira mafuta ochepa pa liwiro lalikulu. Pampu ya madzi a m'nyanja imakulika mkati ikamwa mchenga, ndipo kusintha impela yokha, kampira kozungulira ka m'pampumo, sikuthetsa kutentha. Funsani malisiti a zonsezi.

Nanga injini yomwe mwini wake "anaiwonjezera mphamvu"? Supercharger, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, ya Whipple kapena ProCharger pa 496 yosatsegulidwa mkati timaiwerengera ngati chochotsera mtengo. Mapisitoni a injiniyi ndi othiridwa mu chikombole, samapirira mphamvu yowonjezera kwa nthawi yaitali, ndipo drive wamba ya boti ili sinapangidwire mahatchi 550. Wogulitsa adzakusonyezani lisiti la ndalama zomwe anathira. Lisiti limenelo ndi umboni woti injini yazunzika. Mawu oti "injini inapangidwanso" nawo alibe mtengo popanda pepala lonena shopu yomwe inagwira ntchitoyo, tsiku, maola, ndi zipangizo zomwe zinalowa.

Drive ndi chigawo chotuluka kunja kumbuyo kwa boti, chomwe chimanyamula magiya ndi pulopela. Pa boti ili ndi ya mtundu wa Bravo One, ndipo pali wamba, X ndi XR, kulimba kwake kukukwera motsatana choncho. Chimene chimaipha ndi kudumpha mafunde: pulopela ikatuluka m'madzi woyendetsa osabweza mafuta, imazungulira mwaufulu, n'kubwerera m'madzi ndi mphamvu yadzidzidzi yomwe imathera pa mano a magiya akumtunda. Masulani sikuluwu yotulutsira oyilo pansi pa drive. Ili ndi maginito. Tiufa tachitsulo tonga fumbi si zachilendo ayi, koma tizidutswa tomwe mungatimve pakati pa zala tikutanthauza magiya kapena beringi. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo makaniko apope mpweya wa 10 mpaka 15 psi aone ngati ukukhala. Oyilo watsopano wonyezimira tsiku loyendera boti ndi chifukwa chobwereza kuyang'ana mukachoka pamadzi.

Muli pomwepo, gwirani drive ndi manja awiri muikankhe kumanja ndi kumanzere chiwongolero chili chiimire. Ikamasewera, pini ya pamwamba pa gimbal ring, chitsulo chomwe drive imakhoterapo, yadyeka. Ntchito yake ndi yaikulu kuposa momwe imaonekera, ndipo pa liwiro la makilomita 100 pa ola kusewera kumeneko kumagwedeza boti uku ndi uku. Kwezani drive, muikhotetse, muunike ndi tochi mipira yopindika ya bellows. Mng'alu umodzi pa mpira wophimba ma U-joint, mfundo za shafuti yochokera ku injini, umalowetsa madzi ku gimbal bearing, beringi yogwira shafutiyo, ndipo maboti ena amamira pa doko chifukwa cha mpira womwewo. Ngati palibe lisiti la zaka 5 zapitazi, werengerani kusintha. Ndi bwino kulipira makaniko achotse drive yonse, ntchito ya ola limodzi kapena awiri, kuti aone ma U-joint, coupler yolumikiza shafuti ku injini, ndi kulowetsa chitsulo choyezera ngati injini ili pa mzere. Chitsulocho chikakana kulowa, funso lotsatira ndi lakuti n'chiyani chasuntha injini, ndipo yankho limakhala matabwa.

Khoma lakumbuyo, transom, ndi mitanda yoyenda m'litali pansi pa injini, ma stringer, pa maboti ambiri a nthawi imeneyo ndi pulayiwudi wokutidwa ndi fiberglass. Bowo lililonse loboola khomalo ndi khomo la madzi: mapaipi a ekizozi, mabauti a trim tab (timbale towongolera kaimidwe ka boti pamadzi), nsanja yosambirira, pulagi yotulutsira madzi. Madzi akalowa satuluka, thabwa limafumbwa mkati kunja kukuwalabe, ngati mtanda wa denga wodyedwa ndi chiswe pansi pa penti. Wofufuza amagogoda ndi nyundo yaing'ono ya pulasitiki. Polimba pamalira mwakuthwa, pofumbwa pamamveka bii. Amayikanso mita ya chinyezi, koma mitayo imanama boti likangotuluka kumene m'madzi kapena pafupi ndi chitsulo, ndiye manambala ake awerengedwe pamodzi ndi nyundo. Inu nokha mungathe kuchita izi: drive ili pansi, munthu wolemera aime pa mbale ya pamwamba pa pulopela n'kudzigwedeza, inu mukuyang'ana khoma. Likapuma ngakhale pang'ono, kapena mukaona ming'alu yotuluka mozungulira drive, kapena madzi abulauni akudontha pa bauti, ntchito yomwe ikubwera ndi yochotsa injini, kudula khoma ndi kuliumbanso. Apa malangizo athu ndi osavuta. Botilo lisiyeni, pokhapokha mtengo utsike ndi ndalama zonse zomwe shopu yalemba n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo 3 a ndalamazo, chifukwa akatsegula amapeza kuti kufumbwa kwayenda kuposa momwe nyundo inanenera.

Mipando, makapeti ndi gelcoat, khungu lowala la kunja kwa boti, yozilala ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi zomwe tatchulazi, ngakhale ndi zomwe maso amathamangira. Chotsani mtengo wake pa ndalama, basi.

Pamadzi pamafunika ola lathunthu. Uzani mwini kuti asalize injini musanafike, ndipo gwirani manifodi kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Ikatentha, geji ikhazikike cha pa 160 mpaka 175 °F. Kenako mafuta onse, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Injini ya 496 HO iyenera kufika pakati pa 4,600 ndi 5,000 rpm, ndipo 496 Mag pakati pa 4,400 ndi 4,800. Ikalephera, mwina pulopela ndi yaikulu, mwina injini yatopa, mwina boti lamwa madzi n'kulemera. Liwiro liwerengedwe pa GPS ya foni yanu. Outlaw ya 496 HO yosasinthidwa imathamanga cha m'ma 65 mph, pafupifupi makilomita 105 pa ola. Nkhani za 80 mph zimagwa ndi masamu: chulukitsani rpm ndi pitch ya pulopela (mainchesi omwe imayenda ikazungulira kamodzi), mugawe ndi chiwerengero cha magiya chochulukitsidwa ndi 1,056. Pa 5,000 rpm, pitch 24 ndi magiya a 1.50, yankho ndi 75.8 mph pulopela ikanakhala kuti siterereka, ndipo ikaterereka ndi 12 peresenti mukutsala ndi 66.7. Mukabwerera ku doko tsegulani chivundikiro cha injini, muyang'ane madzi ndi oyilo pansi, mununkhize petulo, ndipo mutengeko oyilo wa injini wokayezetsa ku labu.

Wofufuza asakhale wosankhidwa ndi wogulitsa. Funani wa bungwe la SAMS kapena NAMS yemwe anazolowera maboti aliwiro, ndipo dziwani kuti ambiri a iwo amaona thupi la boti, magetsi ndi mafuta, injini samaitsegula. Makaniko wa MerCruiser mumulipira payekha. Wofufuza amalipiritsa pa fiti ya boti, ndipo ndalama zonse ziwirizi pamodzi ndi zochepa poyerekeza ndi drive imodzi. Chikole, chomwe chimakhala 10 peresenti nthawi zambiri, chiperekedwe pa mgwirizano wolembedwa woti chibwezedwa ngati kufufuza kapena kuyesa pamadzi sikukukhutiritsani. Mapepala a umwini a boti ndi a tirela amakhala osiyana m'maboma ambiri, ndipo ngati pali ngongole ya banki, ndalama zipite ku bankiyo mwachindunji. A inshulansi afunseni musanasaine, chifukwa amafunsa liwiro la boti ndi zaka zomwe mwayendetsa, ndipo ena amakana.

Kuwerengera kwake kumayenda motere, ndipo manambala awa ndi ongoyerekezera kuti njira ioneke. Tinene kuti maboti 3 ofanana anagulitsidwa madola 30,000, 33,000 ndi 36,000, onse ndi tirela, maola cha m'ma 400. Poyambira ndi 33,000. Lanu lili ndi maola 650. Funsani shopu mtengo wopanganso injini, tinene 12,000, ndipo muyerekeze kuti 496 yosamalidwa imafika maola 1,000 isanafune ntchito imeneyo: ola lililonse ndi madola 12, maola 250 owonjezera ndi 3,000. Ma bellows ndi gimbal bearing alibe lisiti, shopu yati 1,200. Matayala 4 a tirela, omwe manambala 4 a DOT olembedwa pa tayala akusonyeza kuti adutsa zaka 6, pamodzi ndi mabuleki ndi maberingi, 1,000. Mwafika pa 27,800. Zowonjezera zothandizadi, monga chiwongolero cha haidiloliki cha Latham kapena IMCO, zibwezereni gawo limodzi mwa magawo 3 a mtengo wake. Masipika, magetsi amitundu ndi penti yamalawi musazipatse kalikonse. Pitani kwa wogulitsa ndi lipoti la wofufuza ndi mapepala a shopu m'manja. Kukambirana pa pepala kumayenda msanga kuposa kungoti "tsitsaniko".

Kwa yemwe akuganiza zolibweretsa ku Mangochi, Cape Maclear kapena Senga Bay, pali zina zoti ziwerengedwe kumbali, chifukwa ndalama zonyamulira ndi msonkho wa MRA siziwonjezera mtengo wa boti tsiku lomwe mudzafune kuligulitsa. M'lifupi mwa botili ndi pafupifupi mamita 2.5, pomwe khomo la kontena ndi mamita 2.34, ndiye silingalowe chogona bwinobwino, liyenera kukwera sitima pa tirela kapena pa flat rack, kontena yopanda makoma am'mbali ndi denga. Pamodzi ndi tirela ndi mafuta likuyandikira matani 3, galimoto yokokera ikhale ya mphamvu imeneyo. Nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda supercharger imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse, kotero rpm ingatsike pang'ono ndipo pulopela ingafunike kuchepetsa pitch. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi ndi kuwononga mapaipi akale a mafuta, ndiye mapaipiwo ndi fyuluta yolekanitsa madzi zisinthidwe boti lisanalowe m'madzi. Pa mafuta onse injini ya mahatchi 425 imamwa malita oposa 130 pa ola. Impela, mafyuluta, ma bellows, oyilo wa drive ndi chingwe cha Diacom zikwere sitima yomweyo, popeza chilichonse chomwe mwaiwala mudzachidikira kuchokera ku Joni.